Dengu Limene Anatibwezera ku Kingston

Ulendo wa ku Kingston ndinaukonza ndine, ndipo ndinaukonza ndi cholinga. Amayi anga anali atakhala nafe ku Scarborough, m'dziko la Canada, miyezi ingapo, atabwera kudzandithandiza kulera Chisomo, mwana wanga woyamba, kuti ine ndizitha kupita kuntchito yanga yaunamwino. Chilolezo chawo chokhala m'dziko muno chinali pafupi kutha, ndipo kuti tikapemphe chowonjezera panafunika eni ake avomere. Ine ndinkafuna akhale. Iwo ankafuna kubwerera ku Ntcheu. Tonse tinkadziwa kuti akakwera ndege ndiye kuti tasiyana, chifukwa kwa ine ndi bambo a Chisomo njira ya kwathu inali itatsekeka. Zaka zimenezo, za m'ma 1970, m'bale wa munthu wotengedwa akatsika ndege pa Chileka sankadziwa kumene akagone.

Wotengedwayo anali Lameki, mlongo wanga wonditsatira, mphunzitsi wa pulayimale. Anadzamutenga kusukulu ana akuona, ndipo mlandu wake sitinaumve mpaka lero. Amayi anafufuza mpaka anamva kuti ali kundende ina chakufupi ndi Zomba. Mwezi uliwonse ankakwera basi ndi dengu la chakudya, n'kukaima pageti pamodzi ndi azimayi anzawo. Kumuona sankaloledwa. Alonda ankati muno mulibe munthu wa dzina limenelo, koma dengu ankalandira, n'kudzalibweza lopanda kanthu. Azimayi a pageti paja anali ndi kamvedwe kawokawo ka zinthu. Dengu likatuluka lopanda kanthu, mwana wako ali moyo. Likatuluka ndi chakudya chake momwemo, usafunsenso, pita ukauze abale. Pobwera kuno amayi anasiyira ntchitoyo mng'ono wawo wodwaladwala miyendo, ndiye mtima wawo sunali m'malo ngakhale tsiku limodzi.

Ine ndinkaganiza kuti ndikawaonetsa zokongola za dziko lino mtima udzatembenuka. Tinapita nawo ku mathithi a Niagara, anayang'ana pang'ono n'kunena kuti madzi onsewa akungotayika. Tinapita nawo m'masitolo akuluakulu a m'tauni, anadandaula kuti mutu ukuzungulira. Kenako mnzanga wina kuntchito anandiuza za linga la ku Kingston, limene anamanga asilikali a ufumu wa Angelezi paphiri loyang'ana nyanja. Anati nyengo yotentha kumakhala amuna ovala majekete ofiira, akuguba ndi ng'oma ndi kuombera mizinga yakale. Ndikuwafotokozera amayi zimenezi, bambo a Chisomo, amene sadziwa kumeza chimene awerenga, anawonjezera kuti lingalo linasungirakonso akaidi.

Amayi, amene ulendo uliwonse tinkachita kuwakoka, anafunsa kuti tinyamuka liti. Ine kupusa kwanga ndinakondwera.

Lachisanu pochokera kuntchito ndinapeza nyumba yonse ikununkhira. Amayi anali atakazinga nkhuku mpaka kuuma kuti isaonongeke msanga, atakazinga mtedza, ataphika mandasi. Pambali panali sopo, shuga ndi juzi yakale ya bambo a Chisomo. Zonsezo ankaziyala bwinobwino m'dengu lija anabwera nalo kuchokera kwathu, lomwelo la pageti la ku Zomba.

"Amayi, kumene tikupitako kulibe akaidi. Anatseka kalekale, ndi malo ongoonerera."

"Ku Zombanso amati mulibe," anayankha osatukula mutu.

Ndinayesa kufotokoza kuti kuno boma likati mulibe ndiye kuti mulibedi. Anandiyang'ana ngati mwana amene wanena zopanda mutu, nati iwo sanapiteko kundende chimanjamanja ndipo sayamba atakalamba. Ndinawasiya. Ndinati mumtima mwanga tikadya tokha pamsewu.

M'mawa mwake tinasiya Chisomo kwa Mai Tembo, mnansi wathu wa ku Chipata, n'kuuyamba. Galimoto yathu inali yakale, yaitali ngati yonyamula maliro, ndipo bambo a Chisomo ankaikhulupirira kuposa mmene inayenerera. Amayi anakhala kumbuyo, mbali yotalikirana ndi mkamwini wawo, dengu lili pamiyendo. Anthu awiriwa anakhala nyumba imodzi miyezi yonse ija, koma nkhani zawo zinkadzera mwa ine, monga mwa ulemu wa kwathu. Titafika ku Oshawa bambo a Chisomo anayamba kuloza mafakitale, kufotokoza za magalimoto amene amapangidwa kumeneko, dzanja limodzi lili m'mwamba. Amayi anandigwira paphewa nati ndiwauze apongozi ayang'ane kutsogolo.

Titangodutsa Port Hope kunayamba kumveka fungo ngati la poto wopserera. Kenako nthunzi inatuluka kutsogolo mpaka msewu kusaoneka. Tinaima m'mbali. Bambo a Chisomo anatsegula boneti, n'kuima pamenepo manja m'chiuno, akuyang'ana injini ngati iwauza yokha chimene chavuta. Anati musadandaule, yangohita pang'ono, izizira. Inazizira, koma madzi onse anali atathera pansi.

Tinakhala pamenepo nthawi yaitali. Dzuwa linakwera, phula n'kuyamba kuotcha kumapazi, magalimoto akuluakulu akudutsa ndi mphepo yofuna kutigwetsa. Panalibe mtengo woti n'kubisalapo, koma waya ndi munda wa chimanga kuseri kwake. Amayi anayala chitenje paudzu, nakhala chotambalala miyendo. Chinawadabwitsa n'chakuti mwa anthu onse odutsawo panalibe ndi mmodzi yemwe wotifunsa kuti kwagwanji. Anati dziko lino munthu akhoza kufera pamsewu anthu akungomuzungulira. Ine ndinapsa mtima, chifukwa ulendo umene ndinaukonza kuti adzikonde dzikoli unali ukuwapatsa zifukwa zatsopano zolida.

Njala itayamba kuluma, bambo a Chisomo anandinong'oneza kuti ndiwapemphere ndasi limodzi lokha. Ndinakapempha. Amayi anakokera dengu pafupi nati chimenecho si chathu. Bambowo anaseka mwamanyazi, nadumpha waya uja kupita kunyumba ina ya pafamu kukapempha telefoni. Anabwera buluku litang'ambika pabondo, galu wa pafamupo atawaperekeza mpaka pawaya.

Galimoto yokoka inabwera patapita nthawi ina, ndipo tonse atatu tinapanikizana kutsogolo ndi dalaivala. Amayi anapezeka atakhala phewa ndi phewa ndi mkamwini wawo. Njira yonse mpaka ku Cobourg anayang'ana kuwindo, khosi litauma. Kugalaja makaniko anati pampu ya madzi yatha, ina ikachokera kwina, ndipo ikafika madzulo ngati mwayi ulipo. Ine ndinati basi zakanika, tidikire galimoto tibwerere kunyumba. Ndinali nditatopa, ndipo ulendowo unali utandinyansa.

"Nkhuku yakazingidwa kale," anatero amayi. "Kulibe mabasi dziko lino?"

Mabasi analipo. Tinasiya bambo a Chisomo pagalaja, ife n'kupita pakasitolo kena pamene basi ya ku Kingston inkaima. Mtengo wa matikiti unandiluma, koma kuwakaniza amayi kukanandiluma koposa. Basiyo inachedwa. Mwini sitolo nthawi zonse ankati ili pafupi, ngati mmene amanenera makondakitala a kwathu. Ndinagula buledi ndi zakumwa, amayi anangonyema pang'ono. Itabwera, tinapeza kuti si yothamanga ija, koma yolowa m'tauni iliyonse. Tinaima ku Trenton, tinaima ku Belleville kumene dalaivala anatsika kukamwa khofi osatiuza kanthu, tinaimanso m'malo ena oti ngakhale dzina analibe.

Ku Belleville kuja kunakwera mzungu wina wachizimayi, wa msinkhu wa amayi, wa manja okhakhala ndi nsapato zotha chidendene. Anakhala mpando woyandikana nafe. Analiyang'ana dengu lija nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati tikupita kukaona munthu. Ndinati ayi, tikupita kukaona linga. Anapepesa, nati anangoganiza choncho chifukwa basi imeneyi Loweruka imanyamula azimayi ambiri opita kundende. Ku Kingston kuli ndende zenizeni, zimene ine sindinaziganizire pokonza ulendo. Iye anali kupita kukaona mwana wake wamwamuna, amene anavulaza munthu pa ndewu ya kumowa.

Ndikanatha kungokhala chete. Koma amayi anali atandigwira kale pabondo kufuna kudziwa chimene mzunguyo wanena, ndipo ine sindinaphunzire kuwanamiza. Nditawauza, anatembenuka thupi lonse. Mafunso anayamba, ine ndili pakati kutembenuza. Kodi amamuona? Mayiyo anati inde, amakhala naye n'kucheza mpaka nthawi itatha. Kodi anamuuza chimene mwanayo analakwa? Mayiyo anadabwa ndi funsolo, nati anali m'khoti momwemo tsiku la chigamulo. Kodi akudziwa kuti adzatuluka liti? Anati chaka cha mkuja, chisanu chikamatha. Nanga chakudya? Anati chakudya cha kunja salola, ndipo chimenechi ndicho chimamupweteka, chifukwa mwanayo waonda. Ponena zimenezi anayamba kulira.

Amayi anamuyang'ana akulira choncho, nati, "Mayi uyu ndi wamwayi."

Zimenezo sindinatembenuze. Ndinamuuza mzunguyo kuti amayi akuti pepani. Iye anatambasula dzanja nagwira la amayi, ndipo anagwirana choncho kudutsa Napanee mpaka kulowa m'Kingston. Ine ndinadana naye mayi uja popanda chimene anandilakwira. Ndinali nditayenda mtunda wonsewu kuti amayi aiwale geti la ku Zomba, iye n'kudzalikhazika pampando woyandikana nafe.

Ku Kingston tinakwera takisi, kuwoloka mlatho, kukwera phiri. Za kukongola kwa malowo ndilibe zambiri zonena, poti maso anga anali pa amayi. Pageti ndinagula matikiti, iwo nati sanaonepo ndende yolowa cholipira. M'kati munali bwalo lalikulu lozunguliridwa ndi makoma a miyala, ndipo amuna a majekete ofiira aja anali kuguba, ng'oma zikulira, anthu akuwomba m'manja. Mzinga utaphulika ana anakuwa ndi chimwemwe. Amayi sanatembenuke n'komwe. Anafunsa kuti akaidi amagona mbali iti.

Anatitsogolera kumeneko pamodzi ndi gulu la alendo ena anali mmodzi wa ovala zofiira aja, bambo wamtali wa ndevu za m'masaya, waulemu kwambiri. Sanali msilikali weniweni, ntchito yake inali kuonetsa anthu malowo. Tinalowa m'zipinda zozizira, za fungo la chinyontho, zamawindo ang'onoang'ono. Alendo anzathu ankalowetsa ana awo kuseri kwa zitsulo n'kuwajambula. Bambo wina wonenepa anagwira zitsulo n'kupanga nkhope yomvetsa chisoni, mkazi wake akuseka mpaka kugwira m'mimba. Amayi ankayenda pambuyo pa onse, dengu lili m'manja. Pakhomo la chipinda chilichonse ankaima n'kunena chapansipansi kuti, "Odi muno." Ankadikira pang'ono, kenako n'kupita pa china. Ndinamva manyazi, kenako ndinamva chisoni, ndipo chisonicho sichinandichoke tsiku lonse.

Titafika kumapeto anandituma kufunsa bambo uja kuti ankakhala muno ndani. Iye anati poyamba anali anthu oukira ufumu, kenako nthawi ya nkhondo munasungidwa amuna a m'mayiko a kutsidya kwa nyanja, ena a iwo osalakwa kanthu, kungoti anabadwira kudziko la adani. Amayi anati ndifunse kuti ankawabweretsera chakudya ndani. Bamboyo anaganiza kaye, nati boma linkawadyetsa, poti abale awo anali kutali, ndipo ambiri sankadziwa n'komwe kumene ana awo ali. Ndinayesa kufewetsa mawuwo powatembenuza, koma amayi anamva zonse.

Gulu litayamba kutuluka, iwo anatsalira. Ndinawaona akulowa m'chipinda chomaliza, naika dengu kuseri kwa chitseko, nakonza kansalu kovundikira, natuluka manja ali pambuyo. Ndinadziwa kuti n'zosaloledwa. Koma mumtima ndinati likhale momwemo, aliyense amene alipeze adye.

Titatuluka pabwalo amayi anali munthu wina. Anakhala pabenchi n'kuonerera oguba aja, nati asilikali a kuno ndi aukhondo. Ndinawagulira ayisikilimu, anadya mpaka kumaliza, akudandaula kuti ikuwawa m'mano. Nditaona choncho ndinalimba mtima n'kuyambitsa nkhani ija ya chilolezo. Ndinati Chisomo wawazolowera, ndinati mng'ono wawo akuyesetsa kumudziko, ndinati akhale chaka chimodzi chokha. Masiku onse ndikayamba nkhani imeneyi ankadzuka n'kukapeza chochita kukhitchini. Tsiku limenelo anakhala, napukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, nati tikakambirana kunyumba. Ndinayamba kale kuganiza zowagulira jasi la m'chisanu.

Tinali titatuluka pageti, tikuyang'ana takisi, pamene ndinamva nsapato zolemera zikuthamanga kumbuyo. Ndinatembenuka ndine poyamba. Anali bambo wa ndevu uja, chipewa chili m'khwapa, dengu lathu lili m'manja. Ndinathamangira kukakumana naye amayi asanaone. Ndinamuuza m'Chingelezi kuti sitinaiwale, tasiya dala, atenge akadye ndi anzake, kapena akataye, chilichonse, koma asabwere nalo kuno. Iye sanamvetse. Anamwetulira nati lamulo sililola kusiya katundu m'zipinda, komanso chakudya chabwino chotere n'chosayenera kutayika. Anatinso ndisadandaule, sanakhudze kanthu, zonse zili momwemo. Anandilambalala mwaulemu, nakaima pamaso pa amayi, nawapatsira.

Amayi anayang'ana yunifomu, anayang'ana geti limene linali kumbuyo kwake. Anapinda mawondo pang'ono monga amachitira polandira chinthu kwa munthu wa boma, nalandira ndi manja awiri. Anatukula kansalu kaja. Nkhuku, mtedza, mandasi, sopo, juzi, zonse zinali mmene anaziyalira. Bamboyo anatifunira ulendo wabwino nabwerera akuvala chipewa chake.

"Amayi, kuno ndi ku Canada. Munthu uyu sadziwa kanthu za Lameki, sanamvepo n'komwe dzina la Malawi."

"Ndikudziwa kuti ndi ku Canada," anatero. "Ndili kutsidya kwa nyanja, ngati amayi a anthu aja. Uwauze apongozi andigulire tikiti."

Ndinalira pamenepo, anthu akudutsa ndi makamera awo. Ndinati nanenso ndine mwana wawo, ndinati akapita sindidzawaonanso. Iwo sanalire. Anati ine akudziwa kumene ndimagona ndi chimene ndimadya. Anati ngati Lameki wafa akamulire kwawo, ngati ali moyo akamupatse chakudya ndi manja awo, koma kudya ayisikilimu kunja kuno zakwana.

Pobwerera basi inaimanso m'matauni omwe aja, ndipo sindikukumbukapo kanthu. Ku Cobourg tinapeza galimoto itakonzedwa, bambo a Chisomo atakhala pa thayala lakale, njala ili m'maso. Anaona dengu lodzaza, anaona nkhope yanga, natsegula chitseko cha kumbuyo osafunsa. Chakudyacho amayi anakachipereka kwa Mai Tembo, nati m'nyumba mwathu chisadyedwe.

Amayi ananyamuka masamba a mitengo asanayambe kufiira. Zovala zina anasiya kuti sutikesi ipepuke, koma dengu anapita nalo m'manja. Patapita miyezi tinamva kudzera kwa munthu wina wa ku Chipata kuti anakaima pageti la ku Zomba, alonda analandira dengu, ndipo linatuluka lopanda kanthu. Akuti amayi anavina pamsewu. Anapitiriza kupita mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka, mpaka miyendo inakana, ndipo dengu linkatuluka lopanda kanthu nthawi zonse. Atamwalira ine sindinakaike maliro. Ndinalira pa kapeti ku Scarborough, Mai Tembo atandigwira.

Zinthu zitasintha kwathu ndinapitako, ndipo ndinapeza bambo wina amene anagona chipinda chimodzi ndi Lameki. Anandiuza kuti mlongo wanga anadwala m'mimba n'kumwalira dzinja loyamba lenilenilo, amayi asanabwere n'komwe ku Canada. Nkhuku zonse zija, mtedza wonse uja, ulendo wobwerera uja umene unandilanda amayi, zonsezo zinali za munthu amene anali atagona kale m'dothi. Ku Kingston sindinapitekonso, ngakhale Chisomo ali pasukulu anandipempha. Ndimamukumbukabe bambo wa jekete lofiira uja, ndipo sindidziwa ngati ndimuthokoze kapena ndimude. Mwa anthu onse ovala yunifomu amene anagwirapo dengu la amayi lija, amene sanawanamize ndi iye yekha.